Boca Raton ndi kafayilo kotchedwa AUTOEXEC.BAT

Chakumpoto kwa mzinda wa Boca Raton, m'boma la Florida ku America, kuli msewu wotchedwa Yamato Road. Dzinalo ndi la mudzi wa alimi ochokera ku Japan amene anakhazikika kumeneko cha m'ma 1905, motsogozedwa ndi Jo Sakai, n'kuyamba kulima zinanazi. Ulimiwo sunapite patali. Matenda anagwira mbewu, zinanazi zotchipa zochokera ku Cuba zinadzaza misika, ndipo ambiri mwa alimiwo anabwerera kwawo kapena kusamukira kwina. Mu 1942 boma la America linatenga malo otsalawo n'kumangapo bwalo la ndege zankhondo, kumene asilikali ankaphunzira kugwiritsa ntchito radar. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha bwalolo linatsekedwa, ndipo mbali ina ya malowo inadzakhala yunivesite ya Florida Atlantic, yomwe inatsegulidwa mu 1964. Kupatula apo, Boca Raton inali tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ya mahotela, minda ya nyemba ndi anthu opuma pantchito othawa chisanu cha kumpoto.

Kenako kunabwera IBM. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampaniyi inagula maekala 550 pafupi ndi msewu uja. Nyumba yake yaikulu, ya simenti yokhayokha, yolimba moti mphepo zamkuntho za ku Florida sizingaigwedeze, anaijambula ndi Marcel Breuer, katswiri wa zomangamanga wobadwira ku Hungary, ndipo inatsegulidwa mu 1970.

Kwa munthu wa IBM wa nthawi imeneyo, kompyuta inali chimakina chodzaza chipinda, chotsekeredwa kuseri kwa magalasi, mozizira, ndipo ochikhudza anali maopareta okha. Wofuna kuti kompyuta imugwirire ntchito ankalemba pulogalamu yake papepala, n'kuiboola pamakhadi, khadi limodzi mzere umodzi, zilembo zosapitirira 80. Pamwamba pa muluwo ankaikapo makhadi ena ouza makinawo kuti ntchitoyi ndi ya yani, ayendetse pulogalamu iti, awerenge tepi iti, asindikize kuti. Pa makina a System/360, amene IBM inalengeza mu 1964, makhadi otsogolera amenewa ankalembedwa m'chinenero chotchedwa JCL. Ukapereka mulu wako pawindo, unkapita kukadikira. Opareta ankasonkhanitsa milu ya anthu ambiri n'kuilowetsa motsatizana, ndipo zotsatira zinkatuluka patapita maola, mwinanso mawa lake. Ukaphonya kachizindikiro kamodzi, ntchito yonse inkabwezedwa, uyambirenso kudikira. Kagwiridwe ka ntchito kameneka ndiko kankatchedwa batch. Nzeru yake inali yabwino ndithu: lemberatu zonse zimene ukufuna zichitike, mwadongosolo, kenako chokapo, makina agwire okha. Koma nzeru imeneyi inali m'manja mwa anthu ochepa, ndipo ena onse ankaima kunja kwa galasi.

Boca Raton sinali pamtima pa ufumu umenewu. Likulu la IBM linali ku Armonk, m'boma la New York, mtunda wa makilomita opitirira 1,500, ndipo makina akuluakulu obweretsa ndalama ankapangidwa ku Poughkeepsie ndi ku Endicott. A ku Florida anapatsidwa makina aang'ono monga System/7 ndi Series/1. Ine ndimaona kuti kutalika kumeneku n'kumene kunawathandiza, chifukwa anthu osayang'aniridwa tsiku ndi tsiku amapeza mpata woyesa zinthu zimene pamaso pa bwana sangayerekeze.

Pofika 1980, makampani aang'ono anali atayamba kale kugulitsa makompyuta oika patebulo. Apple II, TRS-80 ndi Commodore PET zinatuluka mu 1977, ndipo mu 1979 pulogalamu yowerengera yotchedwa VisiCalc inachititsa kuti owerengera ndalama ayambe kulowetsa ma Apple m'maofesi. William Lowe, mkulu wa labotale ya ku Boca Raton, anakauza akuluakulu a kampani kuti IBM ikatsata chizolowezi chake chopanga chilichonse yokha, idzafika pamsika anthu atamwazika. Anapempha kuti amulole kugula zipangizo kwa makampani ena n'kumaliza ntchito m'chaka chimodzi. Mu Ogasiti 1980 anamuvomera. Ntchitoyo anaipatsa dzina lachinsinsi lakuti Chess, inayamba ndi mainjiniya 12, ndipo Lowe atakwezedwa udindo, amene anaitenga anali Don Estridge, mbadwa ya ku Jacksonville m'boma lomwelo la Florida. Ubongo wa makinawo, Intel 8088, anaugula kwa Intel. Purinta inali ya Epson ya ku Japan, yongomatidwa chizindikiro cha IBM. David Bradley, mmodzi wa 12 aja, ndi amene analemba zoti ukadina Ctrl, Alt ndi Del pamodzi makina ayambirenso, kuti anzake opanga mapulogalamu asamachite kuzimitsa magetsi nthawi iliyonse makina akaima osayankha.

Chimene chinkasowa chinali pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, yolandira malamulo a munthu ndi kusunga mafayilo padisiki. Yotchuka pa makompyuta aang'ono nthawi imeneyo inali CP/M ya Gary Kildall, mwini kampani ya Digital Research ku Pacific Grove, California. A IBM anapitako, koma zokambirana sizinabale zipatso. Microsoft, kampani yomwe panthawiyo inali ku Bellevue pafupi ndi Seattle ndipo inkadziwika ndi chinenero cha BASIC, inalonjeza kupeza ina. Sinapite patali kukafuna. Pa kampani ina yaing'ono ya m'dera lomwelo, Seattle Computer Products, panali mnyamata wa zaka za m'ma 20, Tim Paterson, amene anatopa kudikira CP/M ya makina atsopano a Intel n'kuyamba kulemba yakeyake mu Epulo 1980. Poyamba anaitcha QDOS, kenako 86-DOS. Microsoft inayamba yatenga chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo mu Julaye 1981 inaigula yonse pamtengo wa madola 50,000. Paterson mwiniwakeyo anali atalowa kale ntchito ku Microsoft mu Meyi chaka chomwecho. Makina oyeserera ochokera ku Boca Raton ankasungidwa ku Bellevue m'kachipinda kopanda mawindo, kokhoma nthawi zonse chifukwa cha chinsinsi, ndipo anthu, madisiki ndi zipangizo zinkayenda pandege pakati pa ngodya ziwiri za dzikolo, mtunda wa makilomita opitirira 4,000.

Apa ndi pamene mafayilo a batch analowera. Mbiri imene Microsoft inasindikiza pambuyo pake imanena kuti luso limeneli analiwonjezera mu DOS chifukwa cha IBM. Ku Boca Raton kunali oyesa makina, anthu oleredwa m'mwambo wa kampani wosalola chinthu kutuluka chisanayesedwe mobwerezabwereza, ndipo ankafuna kuyendetsa mapulogalamu ambiri motsatizana popanda munthu wokhala pampando n'kumatayipa lamulo lililonse. CP/M inali nayo njira yofanana, kudzera m'pulogalamu yapadera yotchedwa SUBMIT. DOS inachita mosiyana pang'ono, ndipo kusiyana kwakung'onoko n'kumene kunasintha zinthu. Inaika lusoli mkati mwa COMMAND.COM, pulogalamu yomwe imamvetsera zimene munthu akutayipa. Ukalemba malamulo ako m'fayilo ya dzina lothera ndi .BAT, dzina la fayiloyo linkasanduka lamulo latsopano, lotayipidwa ngati lina lililonse. Panalibe chinenero china choti uphunzire, panalibenso pulogalamu ina yoti ugule. Mawu amene unkatayipa pamanja ndi omwewo unkalemba m'fayilo.

IBM inaonetsa makinawo pa 12 Ogasiti 1981 ku hotela ya Waldorf-Astoria mumzinda wa New York. Otchipa kwambiri anali madola 1,565, a memori ya makilobaiti 16, opanda ngakhale polowetsa disiki. Wofuna disiki ankawonjezera ndalama, n'kugulanso PC DOS 1.0 pamtengo wa madola 40. CP/M-86 itafika miyezi ingapo pambuyo pake inkagulidwa madola 240, ndipo ogula anasankha ndi thumba lawo. Disiki inali fulopi ya mainchesi 5.25, yonyamula makilobaiti 160 basi. Ukayatsa makina, ankayamba akufunsa tsiku, popeza analibe wotchi ya batire yokumbukira akazimitsidwa. Anthu ambiri pa ma DOS otsatira ankangodina Enter kuti funsolo lichoke, n'chifukwa chake madisiki akale adzaza mafayilo onena kuti analembedwa pa 1 Januwale 1980. Funso likatha, pasikirini yakuda pankaoneka A> ndi kamzere kothwanima. Makina ankadikira. Sankakuuza choti uchite, ndipo ukatayipa molakwika ankangoyankha kuti Bad command or file name.

Koma DOS isanafunse tsiku, inkayamba yayang'ana padisikipo ngati pali fayilo ya dzina lakuti AUTOEXEC.BAT. Ikaipeza, inkatsata zonse zolembedwamo, mzere ndi mzere, munthu asanakhudze batani lililonse. Inali ngati malangizo amene mwini golosale amasiyira mnyamata wotsegula m'mawa, akuti yamba wasesa, tulutsa sikelo, kenako tsegula chitseko. Wogulitsa pulogalamu ankaika fayiloyi pafulopi yake kuti wogula angolowetsa disiki n'kuyatsa. Mwini makina naye ankatha kulemba yake. Njira yachidule inali kutayipa COPY CON AUTOEXEC.BAT, kutanthauza kuti zonse zimene nditayipe pakiyibodi zilowe m'fayiloyi, kenako kulemba mizere yako, n'kumaliza ndi Ctrl ndi Z. Ukadina Enter mzere wapita, sungabwererenso kukaukonza. Wofuna kukonza ankatsegula EDLIN, kapulogalamu kamene Paterson analemba mwachangu mu 1980, kokonza mzere umodzi pa nthawi imodzi, ndipo anthu anavutika nako zaka khumi mpaka DOS 5.0 inabweretsa EDIT mu 1991.

Mu DOS yoyambayo, malamulo apadera a batch anali ochepa kwambiri. REM inali yolembera ndemanga imene makina saitsata, PAUSE inkaimitsa ntchito kuti usinthe disiki, ndipo zizindikiro %1 mpaka %9 zinkaimira mawu amene munthu watayipa kutsogolo kwa dzina la fayilo. Zinthu zinakula mu Malichi 1983, pamene Boca Raton inatulutsa PC XT, yokhala ndi hard disk ya mamegabaiti 10, pamodzi ndi DOS 2.0. Disiki yaikulu chonchi sinkatheka kuisunga popanda mafoda, ndiye DOS inatengera ku Unix mafoda okhala mkati mwa anzake. Popeza kamzere kopendekera kutsogolo kanali katagwidwa kale ntchito ina m'malamulo a DOS, anasankha kopendekera kumbuyo kuti kazilekanitsa mayina a mafoda, ndipo mpaka lero Windows imalemba C:\ chifukwa cha chisankho chimenecho. DOS 2.0 yomweyo inabweretsa ECHO yolembera uthenga pasikirini, IF yofunsira ngati chinthu chili choncho, GOTO yodumphira pamzere wina, FOR yobwerezera lamulo pa mafayilo ambiri, ndi SHIFT. Kuyambira pamenepo fayilo ya batch inkatha kusankha njira, osati kungotsata mndandanda.

AUTOEXEC.BAT ya m'maofesi ambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inkaoneka motere:

@ECHO OFF
PROMPT $P$G
PATH C:\DOS
CLS
TYPE MENU.TXT

Mzere woyamba unkaletsa makina kuonetsa malamulo amene akutsata. Wachiwiri unkachititsa kuti pasikirini pazioneka foda imene uli, kuti usasochere. Wachitatu unkauza DOS kokafuna mapulogalamu ake, wachinayi unkapukuta sikirini, ndipo womaliza unkaonetsa kafayilo kolembedwa kuti 1 ndi WordPerfect, 2 ndi Lotus 1-2-3, 3 ndi dBASE. Nzeru yonse inagona poti padisikipo pankakhala timafayilo totchedwa 1.BAT, 2.BAT ndi 3.BAT. Munthu akatayipa 1 n'kudina Enter, ankaganiza kuti wasankha pamndandanda, pamene kwenikweni wayendetsa fayilo ya mizere inayi: lowa m'foda ya WP51, tsegula WP, akamaliza bwerera pamwamba, onetsanso mndandanda.

Makina amenewa, kapena ena otengera kwa iwo, ndi amene anadzafika m'maofesi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, ndipo ambiri amene tinaphunzira kutayipa pa sikirini yabuluu ya WordPerfect 5.1 tinalowera pa mndandanda woterewu. Mu ofesi munkakhala munthu mmodzi, kawirikawiri osati bwana komanso wosapita kusukulu ya makompyuta, amene anawerenga buku la DOS mpaka kumapeto. Iyeyo ndiye ankalemba timafayiloti. Mayi wotayipa makalata sankafunikira kudziwa CD kapena DIR, ankangodziwa kuti 1 ndi makalata. Wowerengera malipiro ankatayipa mawu amodzi poweruka, ndipo mzere wonga uwu unkakopera ntchito yake yonse pafulopi:

FOR %%F IN (*.WK1) DO COPY %%F A:

Kumene magetsi amazima mosachenjeza, kamzere kameneka kanapulumutsa ntchito ya miyezi. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amene ankalemba zimenezi. Palibe amene ankawatcha opanga mapulogalamu, ngakhale iwo eni, komabe ankachita chimene wopanga pulogalamu aliyense amachita: kuyang'anitsitsa ntchito ya mnzake, kuona chimene chimabwerezedwa tsiku ndi tsiku, n'kuchilemba kamodzi kuti chisadzavutenso.

Sindikunena kuti chinenerochi chinali chabwino. Chinali chosauka, ndipo misampha yake inali yambiri. COMMAND.COM inkawerenga mzere umodzi, n'kuutsata, n'kubwereranso kudisiki kukatenga wotsatira, moti pafulopi ntchito inkayenda mwapang'onopang'ono, ndipo ukachotsa disiki ntchito ili mkati makina ankaima kupempha kuti uibwezere. Fayilo ya batch ikaitana inzake, ulendo unkathera komweko, siinkabwereranso kudzamaliza mizere yotsala. Anthu ankazemba vutoli potsegula COMMAND yachiwiri, mpaka DOS 3.3 inabweretsa CALL mu 1987, pamodzi ndi kachizindikiro ka @ kobisa mzere. Pulogalamu ikamaliza inkasiya nambala yosonyeza ngati zayenda bwino, koma IF ERRORLEVEL 1 sinkatanthauza kuti nambalayo ndi 1. Inkatanthauza 1 kapena kuposerapo, choncho unkayenera kuyamba kufunsa nambala yaikulu n'kumatsika, apo ayi fayilo yako inkalowera njira yolakwika popanda kudandaula.

Msampha woopsa kwambiri unali wa %1. Taganizani za munthu amene walemba fayilo yofufuta zonse za m'foda imene waitchula, yokhala ndi DEL %1\*.* mkati mwake. DOS inali ndi chitetezo chimodzi, funso lakuti Are you sure, koma olemba batch anaphunzira kuliyankhiratu potumiza Y kudzera mu ECHO kuti ntchito isaime. Tsiku lina mnzake akatayipa dzina la fayiloyo osatchula foda, %1 inkasanduka chopanda kanthu, ndipo lamulo linkafufuta mafayilo a pamwamba penipeni pa disiki, kuphatikizapo COMMAND.COM ndi AUTOEXEC.BAT. Mawa lake makina osadzuka. N'chifukwa chake olemba osamala ankayamba ndi mzere wakuti IF "%1"=="" GOTO, wotsogolera ku uthenga wochenjeza, ndipo kuona mzere umenewu m'fayilo ya munthu kunali kokwanira kudziwa kuti anaganizira anzake.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka 12 DOS inalibe njira yoti fayilo ya batch ifunse munthu funso n'kulandira yankho. Magazini a makompyuta monga PC Magazine ankasindikiza timapulogalamu tating'ono toti owerenga atayipe okha kudzera mu DEBUG, ndipo ena ankagula Norton Utilities kuti apeze lusoli. CHOICE inabwera mu 1993 ndi MS-DOS 6.0. Pofika nthawi imeneyo AUTOEXEC.BAT ndi inzake CONFIG.SYS zinali zitasanduka bwalo la nkhondo yolimbirana memori. Mainjiniya a ku Boca Raton anagawa megabaiti imodzi imene 8088 inkatha kufikira, n'kusiyira mapulogalamu makilobaiti 640, enawo akhale a sikirini ndi zipangizo zina. Mu 1981 amenewo anali malo osatha. Zaka khumi pambuyo pake mausi, netiweki ndi CD-ROM zonse zinkafuna kagawo kake, ndipo anthu ankasinthasintha dongosolo la mizere, kuika LOADHIGH apa ndi apo, kuti apulumutse makilobaiti ochepa oti pulogalamu itseguke. Mapulogalamu atsopano ankalowa okha m'fayiloyi n'kuwonjezeramo mizere yawo, nthawi zina n'kusokoneza ya anzawo. Munthu wanzeru ankasunga kope yake pafulopi, m'dirowa.

Nanga Boca Raton? Zaka zoyambirira zinali za chikondwerero. IBM inkayembekezera kugulitsa makina pafupifupi 250,000 m'zaka zisanu, koma inapitirira chiwerengerochi kutalitali. Mu Januwale 1983 magazini ya Time, m'malo mosankha munthu wa chaka, inasankha kompyuta. Mu 1984 kunatuluka PC AT, ya Intel 80286 ndi wotchi ya batire, ndipo mmodzi wa mainjiniya amene anaikonza anali Mark Dean, Mmerika wakuda amene pambuyo pake anadzakhala mmodzi wa akatswiri olemekezeka kwambiri mu IBM. Ogwira ntchito pamalopo anayandikira 10,000 pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo kumadzulo kwa tauniyo, kumene kunali minda, kunadzaza nyumba, masukulu ndi mashopu.

Koma njira imene inawapatsa liwiro ndi yomweyo inatsegulira ena khomo. Zipangizo zinali zogula pamsika, aliyense akanatha kuzigula. IBM inasindikiza buku lofotokoza mkati monse mwa makinawo. Ndipo pangano la pakati pa IBM ndi Microsoft linalola Microsoft kugulitsa DOS yomweyo kwa makampani ena pa dzina la MS-DOS. Compaq ya ku Houston inayamba kugulitsa makina oyendetsa mapulogalamu onse a IBM mu 1983, ndipo ena ambirimbiri anatsatira, otchipa kuposa a IBM. Kwa wolemba batch izi zinali zabwino zokhazokha, chifukwa fayilo yolembedwa pa makina a IBM inkayenda chimodzimodzi pa makina a ku Taiwan. Kwa Boca Raton chinali chiyambi cha kutsika. Mu 1985 likulu la nthambi ya makompyuta aang'ono analisamutsira ku Montvale, New Jersey, pafupi ndi akuluakulu, ndipo Estridge anapatsidwa udindo wina. Pa 2 Ogasiti chaka chomwecho, iye ndi mkazi wake anali m'ndege ya Delta, ulendo nambala 191, yochokera ku Fort Lauderdale, imene inagwa ndi mphepo yamkuntho ikutera pabwalo la Dallas/Fort Worth. Onse awiri anamwalira. Estridge anali ndi zaka 48.

IBM inayesa kubweza msika mu 1987 ndi makina a PS/2 ndi pulogalamu yatsopano yoyendetsa makina, OS/2, yomwe mbali yaikulu inkalembedwa ku Boca Raton komweko. Inali yolimba kuposa DOS, ndipo pambuyo pake inabwera ndi REXX, chinenero cholembera malamulo chimene Mike Cowlishaw anapanga mu 1979, choposa batch pa chilichonse. IBM inachiikanso mu PC DOS 7 mu 1995. Anthu ambiri sanasamuke. Anali ndi mafayilo awo a .BAT amene ankagwira ntchito, ankawamvetsa, ndipo anawalemba okha. Ntchito yopanga makina inasamukira ku North Carolina. Ku Boca Raton kunatulukabe Simon mu 1994, foni yam'manja ya sikirini yokhudza imene ambiri amaiwerenga kukhala kholo la mafoni amakono, koma pofika 1996 IBM inali itasamutsira ntchito zambiri ku Austin, Texas, ndi kwina, ndipo malowo anagulitsidwa. Mu 2005 nthambi yonse ya makompyuta aang'ono inagulidwa ndi Lenovo ya ku China.

Nyumba ya Breuer ikadalipo. Masiku ano imatchedwa Boca Raton Innovation Campus, ndipo muli maofesi a makampani osiyanasiyana ochita lendi. Pa mbali ina ya malo akale a IBM pali sukulu yotchedwa Don Estridge High Tech Middle School. AUTOEXEC.BAT inatha ntchito pang'onopang'ono. Windows 95 inkaiwerengabe podzuka, koma Windows XP ya mu 2001 inachotsa DOS pansi pa makompyuta a m'nyumba, ndipo fayiloyi inatsala dzina lokha. Mafayilo ena a .BAT sanafe. Windows ya lero imawayendetsabe, ECHO, IF, GOTO ndi FOR zikugwirabe ntchito, ndipo oyang'anira makompyuta m'mabanki ndi m'maofesi a boma amawalembabe pa ntchito zobwerezabwereza monga kukopera mafayilo usiku. Ukadina Ctrl ndi C fayilo ili mkati, makina amafunsabe kuti Terminate batch job (Y/N)?, funso la m'masiku a fulopi lotchula ntchito ya m'masiku a makhadi.

Microsoft italengeza kuti DOS ikupita kumapeto, wophunzira wina wa ku Wisconsin, Jim Hall, anayambitsa mu 1994 ntchito yolemba DOS yaulere, yomwe lero imatchedwa FreeDOS ndipo ikukonzedwabe ndi anthu odzipereka. Mu 2014 Microsoft inapereka zolemba zoyambirira za MS-DOS 1.25 ndi 2.0 ku Computer History Museum ya ku Mountain View, California, ndipo mu 2018 inaziika pa GitHub. Aliyense wofuna angathe kutsegula gawo la COMMAND n'kuwerenga yekha mizere imene imafufuza AUTOEXEC.BAT padisiki makina akangoyatsidwa.